Encryption imabisa chiyani, imasiya chiyani poyera: malangizo otetezera zimene mumachita pa intaneti

Uthenga umene mwalemba pa foni umadutsa m'manja ambiri usanafike kumene ukupita. Umayambira pa rauta ya Wi-Fi ya ku ofesi kapena ya pa loji, kapenanso pa nsanja ya netiweki, kenako umalowa m'makina a kampani ya foni. Ngati muli m'dziko lopanda gombe ngati Malawi kapena Zambia, umayenda pa zingwe zodutsa m'mayiko oyandikana nawo, monga Tanzania ndi Mozambique, mpaka kukalowa m'zingwe za pansi pa nyanja ngati SEACOM ndi EASSy. Paliponse pamenepa munthu akhoza kutchera khutu. Encryption ndi loko amene amasokoneza uthengawo kuti wotchera khutuyo angoona zilembo zopanda mutu, ndipo amene ali ndi kiyi yekha ndiye angauwerenge.

Lokoyo payekha ndi wolimba. Kiyi wa AES-128, amene amagwiritsidwa ntchito pa masamba ambiri, akhoza kukhala mmodzi mwa makiyi ochuluka mwakuti nambala yake ili ndi manambala 39, ndipo palibe kompyuta lero imene ingawayese onse. Edward Snowden, amene mu 2013 anaulula mmene mabungwe a ukazitape, NSA ya ku America ndi GCHQ ya ku Britain, ankakolera zoyenda pa intaneti, ananena yekha chaka chomwecho kuti encryption yopangidwa bwino imagwira ntchito, koma mafoni ndi makompyuta a anthu ndi ofooka kwambiri moti akazitape amangoizungulira. Malangizo awa ndi a kuzungulirako: mipata ili pati, ndipo mungatseke iti.

Choyamba, dziwani amene mukumubisira

Musanasinthe chilichonse pa foni, tchulani munthu kapena bungwe limene simukufuna kuti lione. Mwini Wi-Fi ndi mnzanu wa pa Wi-Fi yomweyo amaona zochepa, ndipo kuwatsekera n'kosavuta. Kampani ya netiweki imaona zambiri: nambala yanu, imene inalembetsedwa pa chiphaso chanu, nsanja imene foni yanu ikulankhula nayo, ndi kumene deta yanu ikupita. Kampani ya pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito, monga Google kapena Meta, ili kumapeto kwa msewu, kumene loko wa pa msewu amatsegulidwa. Boma likhoza kupempha zimene makampani awiri onsewa amasunga. Ndiye palinso munthu amene amagwira foni yanu m'manja, kaya ndi wa m'nyumba mwanu, wokonza mafoni kapena wakuba. Chida chimene chimatsekera mmodzi mwa awa kawirikawiri sichitsekera enawo. Anthu ambiri amataya ndalama kugula VPN, pulogalamu yobisa deta panjira, pamene vuto lawo ndi foni yopanda PIN.

Chachiwiri, onetsetsani kuti masamba onse akudzera pa HTTPS

Adiresi ya tsamba ikayamba ndi https, ndiye kuti pakati pa foni yanu ndi seva ya tsambalo, kompyuta imene imalisunga, pali loko wotchedwa TLS. Mtundu wake wa masiku ano ndi TLS 1.3, umene unatuluka mu 2018. Umabisa pasiwedi imene mwalemba, mawu amene mwafufuza, zithunzi, ndi gawo la adiresi limene limabwera pambuyo pa dzina la tsamba. Kampani ya netiweki ikhoza kudziwa kuti mwalowa pa Wikipedia, koma siingadziwe kuti mukuwerenga za matenda ati. TLS 1.3 imapanganso kiyi watsopano nthawi iliyonse imene mwalumikizana ndi seva, ndipo ikamaliza imamutaya. Choncho munthu amene anajambula deta yanu chaka chatha, ngakhale atabera seva kiyi wake lero, sangatsegule zakalezo.

Mu Chrome pitani ku Settings, kenako Privacy and security, kenako Security, muyatse Always use secure connections. Mu Firefox dzina lake ndi HTTPS-Only Mode. Zikatero, tsamba lopanda loko silitseguka mwakachetechete, limayamba lakuchenjezani. Musadabwe ngati simukuonanso kachithunzi ka loko pambali pa adiresi mu Chrome. Anakachotsa mu 2023 chifukwa anthu ankaganiza kuti loko akutanthauza tsamba lachilungamo. Sizili choncho. Kuyambira 2015 bungwe la Let's Encrypt limapereka kwaulere kwa aliyense masatifiketi, ziphaso zimene tsamba limafunika kuti likhale ndi https, ndipo tsamba la akathyali lonamizira banki nalonso limakhala ndi https. Lokoyo amangotsimikizira kuti palibe akumvetsera panjira. Za khalidwe la amene mukulankhula naye, lokoyo sazidziwa. Werengani dzina la tsamba chilembo ndi chilembo.

Mpata waukulu wa HTTPS uli pa satifiketi. Foni yanu imakhulupirira kuti seva ndi ya Google chifukwa kampani ina yodalirika inasainira satifiketi yake. Mu 2011 kampani ya ku Netherlands yotchedwa DigiNotar inathyoledwa, ndipo satifiketi yabodza ya Google inagwiritsidwa ntchito kuwerenga maimelo a anthu pafupifupi 300,000 ku Iran. Mu 2019 boma la Kazakhstan linauza nzika zake kuti ziike satifiketi ya boma pa mafoni ndi makompyuta awo, zimene zikanalola boma kutsegula deta panjira, kuwerenga, n'kutsekanso. Mozilla, Google ndi Apple anaikana satifiketiyo. Makampani ena amachita zomwezi pa makompyuta a ku ntchito chifukwa makinawo ndi awo. Pa laputopu ya ku ofesi musalembe chinsinsi cha kunyumba.

Pa foni yanuyanu fufuzani. Pa Android lembani mawu akuti credentials kapena certificates pa malo ofufuzira mu Settings, mutsegule Trusted credentials, muone mbali yolembedwa User. Payenera kukhala popanda kanthu. Pa iPhone onani General, kenako VPN & Device Management. Mukapezapo chinthu chimene simunaike nokha, chichotseni. Ndipo Wi-Fi iliyonse imene ikukuuzani kuti muike satifiketi kaye musanalowe, isiyeni.

Chenjezo lakuti Your connection is not private likatuluka, musathamangire kudina Proceed. Yambani mwaona tsiku ndi nthawi pa foni, chifukwa foni imene batire yake inatheratu nthawi zina imabwerera ku chaka chakale, ndipo satifiketi iliyonse imaoneka ngati yosayenera. Ngati muli pa Wi-Fi ya pa hotela, mwina tsamba lawo lolowera ndilo likutchinga; lowani kaye pamenepo. Zonsezi zikakhala bwino koma chenjezo likadalipo, zimitsani Wi-Fi muyese pa deta ya foni. Likasowa pa deta, ndiye kuti pa Wi-Fi ija pali china chikulowerera.

Chachitatu, bisani mafunso a DNS

Mukalemba dzina la tsamba, foni imafunsa kaye seva ya DNS, imene ili ngati buku la maadiresi, kuti nambala ya IP ya tsambalo, adiresi yake pa intaneti, ndi iti. Mwachizolowezi funsoli limapita lamaliseche pa khomo lotchedwa port 53, ndipo amene amayankha ndi kampani ya netiweki. Mndandanda wa mafunsowa ndi mndandanda wa masamba onse amene mwayendera. Pa Android 9 kupita m'tsogolo, fufuzani Private DNS mu Settings, musankhe Private DNS provider hostname, mulembe chimodzi mwa izi: dns.quad9.net, dns.google kapena one.one.one.one. Mu Chrome ya pa kompyuta yatsani Use secure DNS, mu Firefox DNS over HTTPS. Kumbukirani kuti mwangosintha womufunsa: tsopano Quad9, Google kapena Cloudflare ndiye akuona mafunsowo m'malo mwa kampani ya netiweki.

Chimene chimavuta apa n'chakuti Private DNS ya Android imadzera pa port 853, ndipo ma Wi-Fi ena a m'maofesi ndi m'masukulu amatseka port imeneyi. Foni imaonetsa kuti yalumikizidwa koma palibe tsamba likutseguka. Zikatero bwezerani pa Automatic mpaka mutachoka pamalopo.

Musadzinamize kuti ndi zimenezi mwabisala. Foni ikamayamba kupatsana moni ndi seva pa HTTPS, imatchula dzina la tsamba poyera m'kagawo kotchedwa SNI, loko asanatsekedwe. Njira yobisira kagawoka, Encrypted Client Hello, inalowa mu Firefox ndi Chrome mu 2023, koma imagwira pokhapokha tsamba nalo litaiyatsa, ndipo ambiri sanayatse. Ngakhale itagwira, nambala ya IP ya seva imaonekabe. Umboni wake muli nawo m'manja: bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha imatheka chifukwa kampani ya netiweki imazindikira deta imene ikupita ku WhatsApp n'kuisiyanitsa ndi ina yonse, ngakhale siingawerenge mawu ake.

Chachinayi, sankhani bwino polankhulirana

Apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu, ndipo ndi pamene anthu amasokonezeka. HTTPS imateteza uthenga kuchokera kwa inu kukafika pa seva ya kampani, pamenepo umatsegulidwa. End-to-end encryption imasiya kiyi pa foni ya wotumiza ndi ya wolandira basi, moti kampani imangonyamula katundu wotseka. WhatsApp inayatsa zimenezi kwa onse mu Epulo 2016 pogwiritsa ntchito njira imene inapangidwa ndi a Signal. Signal yeniyeniyo ili nazo chiyambire, iMessage ili nazo pakati pa zipangizo za Apple, ndipo Messenger inaziyatsa pa macheza a anthu awiri mu Disembala 2023. Telegram, imene ambiri amaiyesa yachinsinsi kuposa onse, ilibe end-to-end pa macheza wamba ndi m'magulu. Pa mauthenga imapezeka mu Secret Chat mokha, ya anthu awiri, imene muyenera kuitsegula nokha.

SMS, kuimba kwa foni wamba ndi ma USSD a nyenyezi ndi hashi aja zilibe chitetezo chimenechi. Zimatsekedwa pakati pa foni ndi nsanja pokha, zikalowa m'makina a kampani zimakhala zowerengeka. Pa 2G ngakhale loko wa pa mpweyayo, A5/1, ndi wa m'zaka za m'ma 1980 ndipo katswiri Karsten Nohl anaonetsa ku Berlin mu 2009 mmene angathyoledwere. Chinanso, foni ikakhala pa 2G siifunsa nsanja kuti idzitsimikizire, choncho kachipangizo konamizira nsanja, IMSI catcher, kakhoza kuikoka. Mafoni ena a Android 12 kupita m'tsogolo ali ndi batani la Allow 2G mu masetingi a SIM. Mukalizimitsa mwatseka mpatawu, koma kumudzi kumene kuli 2G yokha mudzasowa netiweki, ndiye muzikumbukira kuliyatsa musananyamuke.

Imelo nayo ndi ya pa seva. Gmail ndi Outlook zimatseka uthenga panjira, koma kampani ikhoza kuuwerenga ndipo ikhoza kuupereka ikalamulidwa ndi khoti. PGP, imene Phil Zimmermann anatulutsa mu 1991, imatseka thupi la imelo koma imasiya mutu wake, wotumiza ndi wolandira poyera, ndipo kuigwiritsa ntchito molondola n'kovuta. Nkhani yovuta ipititseni pa Signal.

Ngati mukhalabe pa WhatsApp, monga ambiri adzachitire chifukwa ndi kumene kuli abale onse, pali zinthu zoti mukonze lero.

Yambani ndi backup, chifukwa ndiye khomo lakuseri. Macheza amene amakopedwa kupita ku Google Drive kapena iCloud sakhala ndi loko wa end-to-end pokhapokha mutamuyatsa. Pitani ku Settings, Chats, Chat backup, End-to-end encrypted backup. Njirayi inabwera mu 2021. Mudzasankha pasiwedi kapena kiyi wa zilembo ndi manambala 64. Lembani papepala musunge pabwino, chifukwa mukaiwala foni n'kutayika, ngakhale a WhatsApp sangakubwezereni macheza. Ndipo dziwani kuti mnzanu amene mumacheza naye akapanda kuyatsa zimenezi, mawu anu ali mu backup yake.

Kenako tsegulani Linked devices. Kompyuta iliyonse imene ili pamenepo imalandira mauthenga anu onse otsegula kale. Munthu amene wabwereka foni yanu kwa mphindi imodzi akhoza kulumikiza laputopu yake, ndipo akhoza kumawerenga kwa masabata osathyola loko aliyense. Chotsani chilichonse chachilendo. Pa kompyuta ya pa intaneti kafe musachoke musanadine Log out.

Yatsani Two-step verification mu Account, muike PIN ya manambala 6. Imeneyi imakutetezani munthu akabera nambala yanu kapena akakunamizani kuti mumutumizire kodi imene yabwera pa SMS. Kodi imeneyo siiperekedwa kwa munthu aliyense, ngakhale wodzitcha wa ku kampani.

Kwa munthu amene mumakambirana naye zofunika kwambiri, tsimikizirani kiyi. Dinani dzina lake pamwamba pa macheza, musankhe Encryption. Mudzaona manambala 60 ndi QR code. Mukakumana maso ndi maso, wina ajambule QR code ya mnzake, kapena muyerekeze manambalawo. Akafanana ndiye kuti palibe wakhala pakati panu. Yatsaninso Security notifications kuti mudziwitsidwe kiyi wa mnzanu akasintha. Nthawi zambiri kusinthako kumangotanthauza kuti wagula foni ina kapena waikanso pulogalamu, koma mufunseni kudzera njira ina musanapitirize nkhani yachinsinsi.

Za GBWhatsApp ndi anzake onse opatsirana pa Bluetooth ndi m'magulu, chotsani. Pulogalamu imene imatsegula uthenga ndiyo imagwira kiyi, ndipo ameneyu ndi kiyi woperekedwa kwa munthu wosadziwika amene anaisintha. Mitundu yokongola ndi kuona mauthenga ofufutidwa si mtengo woyenera.

Gulu ndi nkhani ina. Gulu la WhatsApp likhoza kukhala ndi anthu 1,024, ndipo onsewo ali ndi kiyi. Mmodzi akajambula sikirini, madzi atayika sawoleka. Anthu ambiri amene alowa m'mavuto chifukwa cha zimene analemba m'magulu sanathyoleredwe loko. Wa m'gulu momwemo ndiye anatulutsa. Disappearing messages, ya maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, imachepetsa zimene zingapezeke foni ikagwidwa, koma siiletsa kujambula.

Chachisanu, ganizirani zimene zalembedwa kunja kwa envulopu

Akatswiri amazitcha metadata: ndani walankhula ndi ndani, nthawi yanji, kwa mphindi zingati, ali kuti, deta yake yochuluka bwanji. Encryption siibisa zambiri mwa izi. Munthu amene waimbira kuchipatala m'mawa, kenako mkazi wake, kenako abusa, nkhani yake yadziwika popanda kumva liwu limodzi. Michael Hayden, amene anatsogolerapo NSA ndi CIA, ananena poyera mu 2014 kuti dziko lake limapha anthu potengera metadata.

Mapulogalamu amasiyana pa zimene amasunga. WhatsApp imadziwa nambala yanu, manambala a m'foni mwanu ngati munailola, mayina a magulu, nambala ya IP ndi nthawi imene mumalowa. Signal italamulidwa ndi khoti la ku America mu 2016 kuti ipereke zimene inali nazo za munthu wina, inapereka tsiku limene akauntiyo inatsegulidwa ndi tsiku limene inalumikizidwa komaliza, chifukwa sinasunge china. Poimbirana, mafoni awiri nthawi zambiri amalumikizana mwachindunji, ndipo woimbirana nayeyo akhoza kudziwa IP yanu. Pa WhatsApp yatsani Protect IP address in calls mu Privacy, Advanced. Pa Signal ndi Always relay calls. Mawu adzamveka mochedwerako pang'ono.

Malo amene muli sabisika ndi pulogalamu iliyonse. Foni yoyaka yokhala ndi SIM imadzilengeza ku nsanja, muli pa VPN kapena ayi. Pa msonkhano umene simukufuna kuti zidziwike kuti munalipo, foni itsale kunyumba.

Chachisanu ndi chimodzi, VPN ndi Tor, ngati zikufunikadi

VPN imakumba ngalande yotseka kuchokera pa foni yanu kukafika pa seva ya kampani ya VPN. Mwini Wi-Fi ndi kampani ya netiweki amangoona kuti mukulankhula ndi seva imodzi, saonanso DNS kapena SNI. Koma zonse zimene iwo akanaona tsopano akuziona a VPN. Mwasamutsa chikhulupiriro chanu, simunachichotse. Onavo inali VPN yaulere imene Facebook inagula mu 2013 n'kumaigwiritsa ntchito kuona mapulogalamu amene anthu ankatsegula pa mafoni awo, mpaka inatsekedwa mu 2019. VPN yaulere yosadziwika mwini wake ndi yoopsa kuposa kukhala opanda VPN.

Mukasankha, tengani imene imakumba ngalande yake ndi njira ya WireGuard kapena OpenVPN, ndipo ikhale yoti akatswiri apadera anaiunikapo n'kutulutsa lipoti. Njira ya PPTP ndi yakale yothyoka. Pa Android tsegulani masetingi a VPN muyatse Always-on VPN ndi Block connections without VPN, chifukwa netiweki ikaduka n'kubwerera, foni imayamba kutumiza deta poyera ngalande isanalumikizidwenso. Yesani: onani nambala yanu ya IP pa tsamba loonetsa IP musanayatse, muonenso mutayatsa. Ikhale yosiyana. Vuto limene limadabwitsa ambiri ndi la bandulo. Mukayatsa VPN, kampani ya netiweki siizindikiranso kuti deta ikupita ku WhatsApp, ndiye bandulo ya WhatsApp siigwira; foni imadya bandulo wamba kapena mayunitsi. Mapulogalamu ena a banki nawonso amakana akaona kuti mukuoneka ngati muli dziko lina.

VPN imathandiza pamene pulogalamu yatsekedwa, monga zinachitikira ku Zambia pa tsiku la chisankho, pa 12 Ogasiti 2021, pamene WhatsApp ndi Facebook zinasiya kutseguka. Koma iikidwe pa foni zinthu zisanavute, nkhanga zinapangana kusanapse. Intaneti yonse ikazimitsidwa, monga ku Zimbabwe mu Januwale 2019, palibe VPN ingakumbe ngalande pamene palibe nthaka.

Tor imapita patsogolo pa VPN. Imadutsitsa deta pa makompyuta atatu a anthu odzipereka, itakutidwa katatu. Woyamba amadziwa inu koma sadziwa kumene mukupita, womaliza amadziwa kumene mukupita koma sadziwa inu. Gwiritsani ntchito Tor Browser pa kompyuta ndi pa Android, kapena Onion Browser pa iPhone. Womaliza uja amaona deta ngati tsamba lilibe HTTPS. Mu 2007 katswiri wa ku Sweden Dan Egerstad anatola mapasiwedi a maimelo a maofesi a akazembe mwa njira yomweyi. Kampani ya netiweki imaona kuti mukugwiritsa ntchito Tor pokhapokha mutayatsa bridge, khomo lobisika lolowera mu Tor, monga obfs4 kapena Snowflake. Imayenda pang'onopang'ono, ndipo mukalowa pa akaunti ya dzina lanu muli pa Tor, mwadziulula nokha. Incognito ya Chrome isasokonezedwe ndi zimenezi: imangoletsa foni kusunga mbiri ya masamba, panjira siibisa kanthu.

Pa Wi-Fi ya kunyumba n'zachidule. Ikani loko wa WPA3 ngati rauta ili naye, apo ayi WPA2 ya AES, pasiwedi ya zilembo zosachepera 12, ndipo musinthe pasiwedi ya admin imene inabwera ndi rauta. Pa WPA2 aliyense wodziwa pasiwedi akhoza kutsegula loko wa pa mpweya wa anzake, choncho Wi-Fi ya pa resitilanti imene pasiwedi yake yamatidwa pakhoma muitenge ngati yopanda loko. Chimene chimakutetezani pamenepo ndi HTTPS.

Chachisanu ndi chiwiri, foni yeniyeniyo

Uthenga uyenera kutsegulidwa kuti inu muuwerenge, ndipo pamene watsegulidwapo ndi pamene wakuba amadikira. Pegasus, pulogalamu yaukazitape ya kampani ya ku Israel ya NSO Group, imalowa m'foni n'kumawerenga zonse pa sikirini, kuyatsa maikolofoni ndi kamera. Mu 2019 inalowa m'mafoni a anthu pafupifupi 1,400 kudzera pa kuimba kwa WhatsApp, ngakhale mwini foni asanayankhe. Loko wa WhatsApp sanathyoledwe, anangolambalalidwa. Zida zotere n'zodula ndipo zimalunjika kwa atolankhani, andale, maloya ndi omenyera ufulu. Ena tonsefe chimene chimatigwera ndi chotsika mtengo: fayilo ya APK, yoikira pulogalamu pa Android, yotumizidwa m'gulu, kapena pulogalamu yolondalonda imene waika munthu wapafupi.

Mankhwala ake oyamba ndi ma update. Mipata imene zida izi zimadzera imatsekedwa ikadziwika, koma imatsekeka pa foni imene yalandira update yokha. Onani Android security update mu About phone; ngati tsiku lake lapitirira chaka ndipo foni ikuti palibe china chatsopano, wopanga anaisiya, ndipo si foni yosungirapo chinsinsi. Bandulo ikavuta, gulani ya usiku kapena dikirani Wi-Fi, koma musadumphe. Mapulogalamu atengeni ku Play Store kapena App Store pokha. Mu Settings onani Accessibility ndi Device admin apps, chifukwa mapulogalamu olondalonda amakonda kubisala mmenemo ndi mayina ooneka ngati a foni yomwe. Wa iPhone amene ali pa chiopsezo chenicheni ayatse Lockdown Mode, imene inabwera ndi iOS 16 mu 2022.

Mafoni ambiri atsopano amatseka zonse zosungidwa m'kati, koma mphamvu ya lokoyo imadalira PIN yanu. Ya manambala 4 ili ndi njira 10,000 zokha, ya manambala 6 ili ndi 1,000,000, ndipo mawu aatali osakaniza amaposa zonsezi. Chaka chobadwa si PIN. Chala ndi nkhope n'zofulumira, koma munthu akhoza kukugwirani dzanja muli mtulo. Foni imene yangozimitsidwa n'kuyatsidwa, PIN isanalowetsedwe koyamba, imakhala yotseka kwambiri kuposa imene yakhala ikugwira ntchito, chifukwa makiyi amakhala asanatulutsidwe. Pofika pa chipata cha dziko kapena paliponse pamene mukuganiza kuti foni ilandidwa, izimitseni kotheratu. Pa laputopu yatsani BitLocker ya Windows kapena FileVault ya Mac, ndipo recovery key, kiyi wotsegulira mukaiwala pasiwedi, mumusunge papepala kutali ndi makinawo. Bisaninso mawu a mauthenga pa sikirini yotseka, apo ayi kodi ya ku banki idzawerengedwa foni ili pa tebulo.

Kwa wokonza mafoni, kusintha sikirini kapena batire sikufuna PIN yanu. Akaumirira kuti ayese, yesani nokha iye akuona. Ngati foni iyenera kugona kumeneko ili yotsegula, yambani mwakopera zanu, muchotse SIM ndi memori khadi, muchite factory reset.

Pali chinthu chimodzi chimene simungachikonze ndi batani. Mabungwe okhala ndi ndalama akhoza kusunga deta yotseka lero poyembekezera kompyuta ya mtundu watsopano, ya quantum, imene ingadzathyole njira zopatsirana makiyi zimene zilipo. Signal inawonjezera chitetezo cha zimenezi, PQXDH, mu 2023, Apple inaika PQ3 mu iMessage mu 2024, ndipo bungwe la NIST la ku America linatulutsa muyezo wa chitetezo chomwechi, ML-KEM, mu Ogasiti chaka chomwecho. Chrome ndi Firefox zatsopano zimaugwiritsa ntchito pa masamba amene akonzeka. Chitetezochi chimafika kwa inu kudzera mu update, choncho Chrome kapena Signal imene mwakhala mukudina Later kwa miyezi ingapo mwina ilibe.